Kamchira ka Mwana wa Edinesi

Mwana akabadwa musamathamangire kumutembenuza. Yambani mwamuona kumaso, mumugwire zala, mumve kulira kwake, kuti mtima wanu uyambe wamulandira. Ine ndinatembenuza msanga, ndipo zimene ndinaona zinandiyendetsa zaka zimene sindingathe kuziwerenga.

Anali mwana wa Edinesi, mwana wanga mmodzi yekhayo. M'chikutamo tinalimo ine, Edinesi ndi Anachisale, azamba a m'mudzi mwathu. Khandalo linali lalikazi, lonenepa bwino. Koma kunsi kwa msana kunali kamchira kofewa, kopanda ubweya, kotalika ngati chala changa chaching'ono. Mwana akalira, iko kamagwedera.

Anachisale anapukuta manja pachitenje nthawi yaitali.

"Amake Edinesi, mwaona?"

"Ndaona."

"Ameneyu musamutche dzina. Sanabwere kudzakhala. Mwana wosatuluka m'chikuta sanafike pokhala munthu, ndipo akabwerera sitimulira. Tsekani chitseko, abwerere yekha kumene wachokera."

Kwathu mwana amakhala m'nyumba mpaka mchombo utagwa. Azamba amene anamulandira ndi amene amamutulutsa panja, ndiye atchedwe dzina. Edinesi sanamve mawu a Anachisale aja. Magazi sanaleke, ndipo kutacha anali atazizira. Anthu anati kamchira kaja kamudya.

Tsiku la maliro, dzuwa lili paliwombo, mudzi wonse uli kumanda, ndinalowa m'chikuta, ndinabereka mwana, ndinatseka chitseko monga chinalili, ndinalowa njira. Musandiyese wolimba mtima. Ndinkaopa mbali zonse ziwiri. Ndikamutcha dzina la munthu pamene si munthu, makolo akwathu adzandifunsa. Ndikamutaya pamene ndi munthu, Edinesi adzandifunsa. Ndinati ndiyende mpaka ndidziwe chimene ndabereka kumsanaku, ndipo dzina lidikire.

Polowera malo oyamba panali mkuyu. Pansi pake mayi wina ankapeta, koma m'lichero munalibe kanthu. Anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, ngati Edinesi.

"Mwanayu ndani?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Alibe dzina."

"Pitani. Kutsogoloku kuli mbuzi."

Unali msika wa mbuzi. Ndinapempha ntchito kwa a Kabango, wosenda zikopa, bambo wamfupi wokonda kuseka. Ndinkatsuka matumbo kumtsinje, iwo nkumandilola kukama mbuzi zoyamwitsa zimene zinkadikira mpeni. Mwana anakula ndi mkaka umenewo. Ndinaphunzira kulowetsa chibakera pakati pa chikopa ndi mnofu osaboola. Ndinaphunziranso kusayang'ana mbuzi m'maso. Musamaiyang'ane, imakudziwani.

A Kabango anali ndi khalidwe limene sindinkalikonda. Ankasunga mafupa. Tsiku lina msika utazilala anayala pathebulo mwendo wakutsogolo wa mbuzi, phiko la nkhuku ndi phiko la mleme, zonse zoyera mbee.

"Taonani kuno, agogo. Fupa limodzi pamwamba. Awiri pansi pake, ngakhale a mbuzi anamatirirana. Kenako timafupa tating'ono. Nkhuku chimodzimodzi. Mleme chimodzimodzi, kungoti zala zake zinatalika mpaka kufunda nazo. Tabweretsani mkono wanu."

"Mkono wanga si ndiwo, bambo."

"Aa, ndani angagule? Mnofu wake uli pati?" Anaugwira basi, nkumadina. "Limodzi. Awiri. Tating'ono. Adokotala a ziweto amene amadzadinda nyama kuno amati nchifukwa tonsefe tinatuluka m'kholo limodzi, kalekale, aliyense nkupita nawo mkonowo ku ntchito yake."

Ndinalanda mkono wanga. Madzulo ake ndinaudina ndekha, mobisa.

Nthawi ina alenje anabweretsa nsato kuti aisende. A Kabango anaitembenuza chagada, nkundionetsa chakumchira tizikhadabo tiwiri, kamodzi uku kamodzi uku.

"Njoka ikufuna chiyani ndi zikhadabo?" ndinafunsa.

"Zinatsalira. Makolo ake ankayenda ndi miyendo. Thupi silitaya zinthu msanga, agogo, lili ngati inu ndi zigamba zanuzo."

Ndikanakhalitsa pamenepo. Koma mmawa wina a Kabango anandipeza ndikusambitsa mwana kuseri kwa khola. Anayang'ana, sanaseke.

"Bweretsani kuno. Mpeni ndanola lero, ndi kamodzi kokha."

Ankanena mwachifundo, ndikudziwa. Koma ndinaona mwana wa Edinesi ali pathebulo lija pakati pa mbuzi ndi mleme. Ndinamubereka ali chinyowere, ndinapita.

Njira inatsika, inatsika, mpaka kudziko lotentha kumene anthu amagona thukuta lili kamukamu. Polowera panali mkuyu, ndipo mayi uja ankapeta lichero lopanda kanthu. Tsitsi lake linali litakula.

"Mwanayu ndani?"

"Alibe dzina."

"Wayamba kuyenda?"

"Wayamba."

"Pitani. Muziopa tating'ono."

M'tauni imeneyo ndinkachapa maovololo a anthu opopera mankhwala a udzudzu m'nyumba. Mtsogoleri wawo anali mayi Likongwe, wamtali, wa mawu ngati mwamuna. Chaka choyamba akapopera, mmawa tinkasesa udzudzu ndi tsache ngati gaga. Anthu ankavina. Ine sindinavine. Chinthu chikafa chambiri nthawi imodzi, muziyang'ana chimene chatsala.

Mvula inabwera nkupita, inabweranso. Ndiye tsiku lina ndinaona udzudzu utatera pakhoma limene anapopera dzulo lake. Unakhala phee, ukupukuta miyendo. Ndinaitana mayi Likongwe.

"Mankhwala anu asukuluka, mayi. Kapena anyamata anu akuthiramo madzi."

"Anyamata anga ndi akuba, koma osati pa izi," anatero. "Mankhwala ndi omwe aja. Udzudzu ndiye wina."

"Wachokera kuti?"

"Konkuno. Pa udzudzu wonse umene munkasesa uja, panali wochepa umene unabadwa ndi thupi losamva mankhwalawa. Anzake anafa, iwo unatsala, unaikira mazira. Ana ake anatengera. Lero tauni yonse ndi ya zidzukulu zake."

"Ndiye kuti unaphunzira."

"Sunaphunzire kanthu, agogo. Udzudzu ulibe sukulu. Wosatha umafa, wotsala umaswana. Basi."

Nyengo yomweyo mwana anadwala malungo. Ndinamupatsa mapilisi owawa aja amene tinkawadalira kuyambira kale. Thupi linangotenthabe. Mayi Likongwe anati tizilombo ta m'magazi nato tachita zomwe unachita udzudzu, nkutithamangitsira kuchipatala kumene kunali mankhwala atsopano. Wanga anadzuka. Mwana wa mnzanga wochapa naye, amene anachedwa naye kunyumba akudikira mapilisi akale, sanadzuke. Iyeyo anali ndi dzina. Pamaliro ndinkamva amayi akulitchula, ndipo ndinaganiza kuti mwina imfa imaitana ndi dzina, wanga inamusowa poyambira. Kuyambira pamenepo ndinaopa dzina koposa kale. Ndinkangomuitana kuti Iwe, ndipo ankavomera.

Tinachoka. Mkuyu wotsatira unali m'mphepete mwa nkhalango. Mayi wopeta uja anafunsa funso lake, ndinayankha yankho langa, ndipo anati, "Pitani. Mukaone zimene zikusowa."

Kumeneko ndinalembedwa kulondera minda, kuimba zitini njovu zikamayandikira. Ntchito imeneyo inandiyenera, chifukwa maso anga sakhala pansi. Mbandakucha wina njovu zinatuluka m'nkhungu, zazikazi ndi ana awo, zikuyenda mopanda phokoso. Ndinakweza ndodo kuti ndimenye chitini, koma mkono unauma. Zambiri mwa izo zinalibe minyanga. Sinali yothyoka kapena yozulidwa. Nkhope zinali zosalala, ngati za nkhalamba zopanda mano.

Mwini munda, nkhalamba ina yotsimphina, anandipeza ndili chiimire.

"Ndani anazizula?" ndinanong'ona.

"Palibe. Zimabadwa choncho. Nthawi ya nkhondo asilikali a mbali zonse ankapha za minyanga kuti agule zipolopolo. Zopanda minyanga zinalipo pang'ono, ankazisiya, chipolopolo chingawonongeke. Ndi zimene zinabereka."

Iwe anali atagwira chitenje changa. Anati, "Agogo, amayi awo akuzikondabe?" Ndinamuuza kuti akhale chete, njovu zimamva patali. Chimanga chinadyedwa tsiku limenelo, ndipo ntchito inatha.

Kenako tinakwera kumapiri a dothi lofiira, kumene madzi anang'amba nthaka nkusiya zigwembe zakuya. Mkuyu wa kumeneko unali wouma. Mayi wopeta uja tsopano anali ndi imvi, zimene Edinesi sanafike pokhala nazo.

"Mwanayu ndani?"

"Alibe dzina."

"Wayamba kufunsa?"

"Wayamba."

"Pitani. Kutsogoloku akufukula."

Ndinapeza anthu atagwada m'chigwembe, akukanda dothi ndi timipeni ndi timaburashi. Wamkulu wawo anali mayi Nyirongo, wovala buluku ndi chipewa chachikulu. Anandipatsa sefa ya waya. Ntchito inali kusefa mchenga monga ufa, koma chofunika chinali chotsala pamwamba: dzino, kachidutswa ka fupa, chigoba cha nkhono chimene chinasanduka mwala.

"Manda awa ndi a ndani?" ndinafunsa tsiku loyamba. "Mwapempha kwa eni ake? Mukaweruka mumasamba mankhwala?"

"Timasamba sopo, agogo. Eni ake anapita kale kusanakhale munthu woti tingamupemphe."

Ine ndinkasambabe masamba anga pobwerera, ndi Iwe yemwe. Musamalowe m'nyumba ndi fumbi la m'manda, ngakhale akuuzeni kuti ndi a nyama.

Khoma la chigwembecho linali ndi mizere, wofiira, wotuwa, wachikasu, ngati mabulangete opindidwa. Mayi Nyirongo anati mzere uliwonse ndi matope amene madzi anasiya pa nthawi yake, wapansi ndiwo wakale. M'mizere yapansi munkatuluka mafupa a msana aakulu ngati mtondo, a chinyama chimene palibe anachionapo. M'mizere yapamwamba, kuchigwembe china, munkatuluka mano a nkhumba ndi a njovu, koma osafanana kwenikweni ndi a lero.

"Pansipo simunapezepo mbuzi?" ndinafunsa.

"Ayi. Ngakhale nyani, ngakhale munthu. Anzathu afukula m'maiko ambiri, ndondomeko yake ndi yomweyi. Tsiku limene mudzasefe dzino la mbuzi kuchokera mumzere wapansiwo, mudzandiitane, ndikawotche mabuku anga onse."

Ndinasefa miyezi yambiri ndikulifuna dzino limenelo. Sindinalipeze.

Chimene chinapezeka, mumzere wapamwamba, chinali nsagwada. Onse anasiya ntchito, anaizungulira. Inali ngati ya munthu, koma yochindikala, mano akumbuyo aakulu ngati a ng'ombe yaing'ono. Mayi Nyirongo anaiika pachikhatho ngati khanda.

"Ameneyu ndi munthu kapena nyama?" ndinafunsa. Silinali funso la nsagwada yokha.

"Ankayenda choimirira ngati ife. Mutu wake unali waung'ono kuposa wathu. Mukafuna malire, pamene nyama inathera nkuyamba munthu, simuwapeza, agogo. Mayi aliyense anabereka mwana wofanana naye. Kungoti amayiwo ndi ambiri zedi, ndipo kusiyana pang'onopang'ono kunaunjikana."

Iwe anatambasula dzanja, anakhudza dzino limodzi. Ndinamumenya padzanja. Sanalire. Anandiyang'ana nkunena kuti, "Uyunso alibe dzina?"

Mvula itayamba anthu aja anapasula matenti awo, ife tinatsikira mumzinda waukulu. Mkuyu unali pakati pa msewu, magalimoto akuulambalala. Mayi uja sanafunse kanthu ulendo uno. Anangoyang'ana mwanayo, nkupitiriza kupeta.

Ndinapeza ntchito yochapa nsalu kuchipinda cha amayi oyembekezera pachipatala china. Iwe anali atafika msinkhu wotunga madzi. Ana anzake ankapita kusukulu, iye ankakhala pakhonde. Sankasamba ndi anzake, sankavula pagulu, ndinamuphunzitsa bwino. Koma tsiku lina anati, "Agogo, aliyense ali ndi dzina. Galu wa alonda ali nalo. Ine ndine chiyani?"

Mmawa mwake ndinamutengera kwa asisitala a Kamwendo, namwino wachikulire amene ankakalipira aliyense mofanana, ndi madokotala omwe. Ndinatseka chitseko ndekha, ndinamuvula mwana. Aka kanali koyamba kuonetsa munthu mwakufuna kwanga.

Asisitala anavala magalasi, anagwira, anadina.

"Ukumva kuwawa, mwanawe?"

"Ayi."

"Ndi zimenezi mwakhala mukuzembera nazo m'makonde ngati mwaba bulangete? Sizichitikachitika, koma zimachitika. Timujambule msana kaye kuti tione ngati mkati muli bwino. Kukakhala kuti ndi khungu ndi mnofu chabe, adokotala achotsa, mawa lake azisewera."

"Sindinabwere kudzafuna mpeni, asisitala. Mpeni ndinaukana kale. Ndikufuna kudziwa ngati ndi munthu."

Asisitala anatsegula kabati, anatulutsa botolo la madzi oyera. Mkati munali kanthu kochepa ngati nyemba, kopindika, kamutu kakakulu. Anandipatsa galasi lokulitsa zinthu.

"Pathupi pamene panapita padera, mwezi wachiwiri usanathe. Yang'anani kumapetoko."

Kanali ndi mchira. Wosongoka bwinobwino, wopindikira kumimba.

"Ameneyu analodzedwa," ndinatero.

"Ndiye kuti tonse tinalodzedwa. Ine ndinali nawo, inu munali nawo, abusa anu anali nawo. Mwana aliyense m'mimba amayamba ndi mchira, chifukwa makolo athu akalekale anali nawo, ndipo thupi likadakumbukira kaumbidwe kake. Pakapita milungu yochepa umafota, nkubwerera mkati. Wa mdzukulu wanuyu mbali ina sinabwerere, basi. Tapisani dzanja kumbuyo kwanu, kunsi kwenikweni kwa msana. Musachite manyazi, ndaona zoposa pamenepo."

Ndinapisa. Pansi pa khungu langa lokwinyika panali kafupa kosongoka, kopindikira mkati. Ndakhala nako moyo wanga wonse, ndakhalira pa iko pamaliro ndi pamaukwati.

Anamujambula, anati mkati muli bwino. Asisitala anafunsa mwanayo ngati akufuna achotse. Iye anati, "Achotse, koma ndiyambe ndatchedwa dzina. Ndikufuna anditche ndili nako."

Kumutcha ndekha sindikanatha. Sanatuluke m'chikuta mwa mwambo, ndinachita kumuba. Womutulutsa anali mmodzi yekha, ngati anali moyo.

Ulendo wobwerera unafupika modabwitsa. Tinadutsa zigwembe zofiira, nkhalango, dziko lotentha ndi msika wa mbuzi ngati zonse zili m'mudzi umodzi. Polowera kwathu panali mkuyu umene sindinkaukumbukira. Pansi pake panalibe munthu. Panali lichero lokha, lovundikira.

Nyumba ya Edinesi, chikuta chija, inali ikadaima, denga litagwera mkati, chitseko chili chitsekere monga ndinachisiyira. Palibe anachitsegulapo zaka zonsezo. Udzu wozungulira unali wosapondedwa.

Anachisale ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo, atakhala pamwala wosambira, opindika ngati chikwakwa, maso atachita ng'ala. Ankayesa kudzithira madzi ndi chikho, koma kumsana sankafikako.

"Ndani?"

"Ndine, amake Edinesi."

"Amake Edinesi anadyedwa ndi afisi kalekale."

"Afisi anandikana, ati mafupa okhaokha. Bweretsani chikho, ndikutsukeni kumsana."

Anandipatsa. Ndinawathira madzi, ndinawatsuka mapewa, ndinatsika ndi msana fupa limodzilimodzi. Anali ataonda kwambiri moti kunsi kuja kafupa kanachita kuonekera, katatukula khungu. Ndinatenga dzanja lawo, ndinalipinda kumbuyo, ndinaika chala chawo pamenepo.

"Ichi nchiyani, Anachisale?"

"Fupa."

"Fupa la chiyani? Mwasenda mbuzi kangati inu? Msana ukatha, chimatsatira nchiyani?"

Chala chawo chinkayendayenda pamenepo. Madzi ankadontha pamwala.

"Amayi akapita padera miyezi yoyambirira, munkakwirira ndinu," ndinatero. "Simunkayang'ana?"

"Ndinkayang'ana," anatero motsitsa. "Tonse azamba tinkaona timichirato. Tinkati ndi chifukwa chake tianato tachoka, si anthu."

"Ndi ife amene, tisanamalizike."

Madzi anauma pamsana pawo. Kenako anati, "Munatsegula chitseko chija."

"Ndinatsegula."

"Ali kuti?"

Iwe anabwera, anagwada. Anachisale anamupapasa kumaso, anapeza mpata wa mano ngati wa Edinesi uja, dzanja linaima pamenepo. Kenako anamupapasa kumsana mpaka kunsi. Kamchira kanagwedera m'dzanja lawo. Sanachotse dzanja.

"Ndigwirizeni," anatero. "Ntchito yanga sinathe."

Tinayenda nawo pang'onopang'ono mpaka kunyumba ya Edinesi. Amayi a m'mudzi anasiya mitondo, anatitsatira chapatali. Chitseko chinagwa titangochikhudza. Mkati munamera bonongwe, ndipo mphasa ija inali itasanduka dothi. Mtsikana analowa yekha, anakhala pansi pamene anabadwira. Anachisale analowa chokwawa, anamugwira padzanja, anatuluka naye padzuwa, nkumuimika pamaso pa anthu.

"Mlendo wathu uyu," anatero, monga amanenera potulutsa khanda. "Wachedwa panjira. Agogo ake, dzina."

Ndinakumbukira mwana wa mnzanga uja, ndi imfa imene imaitana. Ndinayang'ana amayi onse aja ataima, achikulire ndi atsikana, ena ndi makanda kumsana, aliyense ndi kafupa kake ka mchira kobisika pansi pa chitenje, osadziwa. Ndinayang'ana mbuzi zili pachulu, nkhuku zikupalasa, udzudzu umodzi utatera pamkono wa Anachisale. Mantha sanandichoke, ndipo musandifunse kuti adzachoka liti. Dziko limene zinthu zake zimasintha uli chiyang'anire si loti munthu nkugonamo tulo tofa nato. Koma funso limene ndinachoka nalo linali litayankhidwa, ndipo Edinesi sakanandifunsanso kanthu.

"Tilinawo," ndinatero.

Anachisale anabwereza mokweza kuti onse amve. Mayi wina kumbuyo anafunsa mnzake kuti tili ndi chiyani, ndipo ndinaona dzanja la wachitatu likupita kumsana mozemba.

Mtsikanayo sanatembenuke msanga, sanazolowere. Ndinamuitananso.

"Tilinawo."

"Wawa, agogo," anatero.